Nyumba za okalamba: mtima wabwino pawokha sukwanira

Mu Epulo 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, ndipo lamulolo lidayamba kugwira ntchito m'chaka chomwecho. Mwa zina, limaletsa nkhanza kwa okalamba, limatsegula njira yoti boma liziwapatsa thandizo la ndalama, komanso limakhudza kayendetsedwe ka nyumba zowasungiramo. Gawo lomalizali silikambidwa kawirikawiri, chonsecho ndi lomwe likutikhudza kwambiri ife Asilamu, pakuti ndife anthu opereka. Timapereka Zakaat, timapereka sadaka, timamanga mizikiti, timakumba mijigo, ndipo sipatenga nthawi kuti wina aimirire pambuyo pa Swala ya Ijumaa ku Mitundu kapena ku Nathenje n'kunena kuti timangire agogo athu nyumba. Ganizoli ndi labwino. Koma tisanayambe kuumba njerwa tiyenera kugwirizana pa mfundo imodzi: nyumba ya okalamba ndi amana, chinthu chosungitsidwa kwa ife chomwe tidzafunsidwe za icho, ndipo amana yotere imayesedwa ndi zochitika m'katimo usiku, alendo ndi ojambula zithunzi atapita. Nyumba yosalola kuyenderedwa ndi kufunsidwa mafunso siyenera kulandira khobidi lathu, kaya mwini wake ndi wopemphera chotani.

Chifukwa chake nkhaniyi yafika kumudzi

Kalembera wa 2018 adapeza kuti dziko lino linali ndi anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi 5 mwa anthu 100 alionse anali a zaka 60 kapena kuposerapo, msinkhu womwe ndondomeko ya boma ya 2016 imautcha uchikulire. Ambiri mwa iwo amakhala kumidzi, m'madera onga Mitundu, kupitirira Bunda, ndi Nathenje, pa msewu wa M1 wopita ku Dedza. Awa ndi madera a Achewa. Malinga ndi mwambo wa chikamwini, mayi amakalambira pa mudzi wa kwawo, atazunguliridwa ndi ana ake aakazi ndi adzukulu, ndipo mwinimbumba amaonetsetsa kuti pasapezeke wogona ndi njala. Mwambowu udakalipo, ndipo okalamba ambiri akusamalidwabe ndi abale awo, koma mizati yake yagwedezeka. Mliri wa Edzi udatenga ana ambiri omwe lero akadakhala akusamala makolo, n'kusiya agogo akulera ana amasiye. Achinyamata akukhamukira mumzinda kukapalasa kabaza kapena kugulitsa malonda, ena akutsikira ku Joni. Minda yoyandikana ndi misewu ikuluikulu ikugulidwa ndi anthu a m'tauni, ndipo munda ukagulitsidwa, nkhokwe ya agogo imapita nawo. Pamwamba pa izi, kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi chilala cha 2024 chomwe chidachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28, zidachepetsa chakudya m'mabanja ambiri. Chakudya chikachepa, wodya pomaliza amakhala yemwe alibe mphamvu zolimbirana.

Palinso chilonda china chomwe sitingachibise. Mu Januwale 2016, m'mudzi mwa Chimbalanga, kwa Mfumu Yaikulu Dambe m'boma la Neno, okalamba anayi adaphedwa powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphezi yomwe idapha mtsikana wina. Bungwe la MANEPO, lomwe limaphatikiza mabungwe oimira achikulire ndipo limatsogozedwa ndi a Andrew Kavala, lakhala likulengeza chaka ndi chaka za okalamba omenyedwa, otenthedwera nyumba ndi ophedwa pa mlandu womwewu. Lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulolo silifika msanga pamudzi pomwe pagwa maliro adzidzidzi. Ena mwa onenedwawo amakhala odwala matenda oiwalaiwala a ukalamba: amadzuka usiku, amasochera, amapezeka pakhomo pa eni ake atavula, amayankhula zosamveka. Munthu wotere amafunika chipatala ndi womuyang'anira, koma amalandira miyala.

Pa zifukwa ngati zimenezi, alipo okalamba amene alibedi kolowera. Ntchito ya a Deborah Mbale, odziwika kuti Mai Mbambande, omwe adatsegula nyumba yosungira okalamba kuno ku Lilongwe, yaonetsa dziko lonse kuti anthu otere alipo ambiri, ndiponso kuti Amalawi ndi okonzeka kuthandiza. Abale athu a ku Zimbabwe adaziona kale izi. M'nyumba za okalamba monga ya SODA ku Highfield mu Harare ndi ya Bumhudzo ku Chitungwiza mwakhala mukusungidwa machona ochokera kuno ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia, omwe adathera mphamvu zawo m'mafamu ndi m'migodi, n'kukalamba opanda munda kapena mbumba. Choncho funso lakuti nyumba zotere zikhalepo kapena ayi lidayankhidwa kale ndi moyo. Latsala ndi lakuti zikhale zotani, ndipo aziziyang'anira ndani.

Udindo woyamba ndi wa mwana

Chisilamu chimayamba ndi kuika udindo pa mwana. Mu Surah Al-Isra, ndime 23 ndi 24, Allah adaika lamulo lochitira zabwino makolo moyandikana ndi lamulo lomupembedza Iye yekha, ndipo adatchula mwachindunji nthawi ya ukalamba, pamene kholo limakhala m'manja mwa mwana wake. Ngakhale liwu lochepa losonyeza kutopa nalo lidaletsedwa. Ophunzira a malamulo a Chisilamu amagwirizana kuti mwana wopeza bwino ayenera kudyetsa, kuveka ndi kusunga makolo ake osowa, ndipo sangawerengere chisamalirocho ngati Zakaat, chifukwa ndi ngongole yomwe ali nayo kale. Makolo athu adanenanso zomwezi m'njira yawo, kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Nyumba ya okalamba, tsono, isakhale potayira kholo lomwe lili ndi ana amoyo ndi amphamvu.

Mbiri ya Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) ikutiphunzitsanso za malo oyenera munthu wokalamba. Tsiku lomwe Makka idagonjetsedwa, Abu Bakr adatenga bambo ake okalamba ndi osaona, Abu Quhafa, kupita nawo kwa Mtumiki. Mtumiki adasonyeza kuti zikadakhala bwino mkuluyo akadasiyidwa kunyumba kwake, kuti iye ndiye apite kukamuona. Wamphamvu ndiye woyenera kuyenda kupita kwa wofooka. Thandizo labwino koposa kwa agogo ambiri ndi lowapeza pakhonde pawo, pomwe amadziwa mtengo uliwonse ndi mawu a mnansi aliyense.

Koma pamene ana palibe, kapena mudzi wasanduka malo oopsa, udindo umagwera gulu lonse. Uwu ndi udindo womwe ophunzira amautcha fardh kifaya: ena akauchita, onse apepukidwa, koma akaunyalanyaza onse, tchimo ndi la onse. Abu Yusuf adalemba m'buku lake la Kitab al-Kharaj kuti Khalifa Umar ibn al-Khattab adapeza Myuda wokalamba akupemphetsa, ndipo adalamula kuti iye ndi ena onga iye azithandizidwa kuchokera ku thumba la boma, chifukwa boma lomwe lidalandira msonkho wake ali ndi mphamvu silikadayenera kumusiya atafooka. Mkuluyo sanali Msilamu. Phunziro limeneli ndi lofunika ku Mitundu ndi Nathenje, komwe Asilamu timakhala pakati pa abale a mpingo wa CCAP, a Katolika, a mipingo ina ndi otsata miyambo ya makolo.

Mpanda umateteza, umabisanso

Munthu akalowa m'nyumba yosungira okalamba amachoka pamaso pa mudzi. Mpanda womwe umamuteteza kwa omuponya miyala ndi womwewo umabisa zomuchitikira m'kati. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 6 alionse a zaka 60 kupita m'tsogolo amachitidwa nkhanza m'dera lomwe amakhala, ndipo m'nyumba zosungira okalamba vutoli limakula: pa kafukufuku yemwe bungweli limadalira, ogwira ntchito awiri mwa atatu alionse adavomera kuti adachitirapo nkhanza wokalamba m'kati mwa chaka chimodzi. Si kuti onsewa adalowa ntchito ndi mtima woipa. Nthawi zambiri amakhala ochepa, otopa, osaphunzitsidwa, olandira malipiro mochedwa, ndipo palibe wowaona.

Zomwe zidachitika ku South Africa ziyenera kutitsegula maso. Mu 2016 akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha Gauteng adasamutsa odwala matenda a m'maganizo oposa 1,000 kuchoka m'zipatala za Life Esidimeni n'kuwapereka ku mabungwe ang'onoang'ono, pofuna kupulumutsa ndalama. Anthu 144 adamwalira, ambiri chifukwa cha njala, ludzu, kuzizira ndi kusowa mankhwala. Lipoti la Pulofesa Malegapuru Makgoba la mu Febuluwale 2017 lidapeza kuti mabungwe 27 omwe adalandira odwalawo analibe ziphaso zovomerezeka. Ngakhale odwalawo sanali okalamba okhaokha, njira ya imfa yawo ndi yomweyo yomwe imadikira munthu aliyense wosatha kudziyankhulira akaikidwa m'manja mwa anthu osayenderedwa.

Hadith yopezeka m'mabuku a Bukhari ndi Muslim imasimba za mayi yemwe adalangidwa chifukwa cha mphaka yemwe adamutsekera osamudyetsa, osamumasulanso kuti akadzifunire yekha chakudya. Ngati chiweruzo chili chotero pa mphaka, nanga pa agogo omwe tawachotsa pamudzi, pomwe mnansi akadawagawira phala, n'kuwagoneka m'chipinda momwe palibe wowamva akaitana? Kutenga munthu n'kumuika m'manja mwathu kumawonjezera zomwe tidzayankhe pamaso pa Allah.

Zoyenera kuyang'ana tikalowa pachipata

Tiyambe ndi madzi ndi chimbudzi. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe idali pakati pa maboma omwe adakhudzidwa kwambiri. Munthu wokalamba akatsegula m'mimba amatha madzi m'thupi msanga, ndipo pomwe anthu ambiri amadyera mphika umodzi matenda amayenda ngati moto wolusa. Nyumba yoyenera iyenera kukhala ndi mjigo kapena mpopi wodalirika, madzi akumwa othira kolorini, ndi sopo pamalo osambira m'manja. Chimbudzi chokumba chomwe munthu amanyonyomala sichithandiza wa mawondo otupa. Pakufunika mpando, chogwirira, ndi njira yaifupi yosaterera yomwe imawala usiku. Ife amene timaphunzitsa ana athu kumadrasa kuti twahara ili pa mtima pa chikhulupiriro sitingavomereze nyumba yomwe fungo la mkodzo limatilonjera tisanapereke salaam.

Chachiwiri ndi usiku ndi moto. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuno kumazizira, ndipo mbaula ya makala ikalowa m'chipinda chotseka imatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo. Magetsi akazima, kandulo imayatsidwa pafupi ndi masikito ndi mabulangete. Mawindo amakhala ndi zitsulo poopa akuba, ndipo pena zitseko zimakhomedwa kunja poopa kuti oiwalaiwala angasochere. Woyendera afunse mosazungulira: ndani amakhala maso usiku? Makiyi amakhala kuti? Moto utabuka, anthu osatha kuyenda angatulutsidwe bwanji, ndipo ndani angawanyamule? Nyali za dzuwa, mabulangete okwanira ndi wogwira ntchito wa usiku ndi zotsika mtengo poyerekeza ndi maliro a anthu khumi pa tsiku limodzi.

Chachitatu ndi chipatala ndi mankhwala. Ku Mitundu kuli chipatala cha boma ndi cha mishoni cha Mlale, ku Nathenje kuli chipatala chaching'ono cha boma, ndipo chakum'mawa kuli cha Nkhoma, koma matenda aakulu amatumizidwa ku Kamuzu Central mumzinda. Agogo othyoka fupa la m'chiuno kapena ofa ziwalo mwadzidzidzi sangakwere njinga yamoto ya kabaza. Nyumba iyenera kudziwiratu galimoto yomwe ingabwere pakati pa usiku, ndi komwe mafuta ake adzachokere. Wokhala m'nyumbamo aliyense akhale ndi buku lake la kuchipatala, ndipo pakhale kaundula wosonyeza yemwe wamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a shuga kapena ma ARV, nthawi yanji, ndipo wamupatsa ndani. Pakhalenso namwino wovomerezeka ndi bungwe la anamwino ndi azamba, yemwe amabwera pa masiku odziwika. Mankhwala akasakanizika pakati pa odwala awiri, wolakwitsayo sadziwa, ndipo wolakwiridwayo sangafotokoze.

Chachinayi ndi thupi la wodwala wogona. Munthu wosatha kudzitembenuza amafunika kutembenuzidwa pafupifupi maola awiri alionse, usana ndi usiku, ndi kugona pouma. Zikapanda kutero, m'chiuno, kumsana ndi kuzidendene kumatuluka zilonda zomwe zimatha kufika pa fupa. Woyendera wodziwa ntchito yake salabadira utoto wa khoma. Amapempha mwaulemu, mkazi kwa mkazi ndi mwamuna kwa mwamuna, kuona khungu la wodwala, zikhadabo zake ndi zofunda zake. Amafunsanso ngati oiwalaiwala amamangidwa pa bedi kapena kupatsidwa mankhwala ogonetsa kuti asavutitse, pakuti kumeneko ndi kumanga munthu wosalakwa. Sikelo yoyeza thupi mwezi ndi mwezi imaulula njala yomwe pakamwa pa wokalamba waulemu sipangaulule.

Chachisanu ndi chakudya. Wopanda mano sangalimbane ndi nsima yolimba ndi nyama yowamba. Amafunika phala la likuni, nsima yofewa, nyemba zopsa bwino, masamba, mazira, usipa wosinja, ndi womukumbutsa kumwa madzi, chifukwa ukalamba umachepetsa kumva ludzu. Msilamu apatsidwe chakudya cha halaal. M'mwezi wa Ramadhan tikumbukire kuti Shariah idapeputsira wokalamba wofooka kuti asasale, m'malo mwake aperekeredwe fidya, ndipo wodwala shuga asachititsidwe manyazi chifukwa chodya masana.

Ulemu, chipembedzo ndi chuma cha agogo

Chitetezo cha thupi chimayendera limodzi ndi ulemu. Mayi yemwe wasunga thupi lake zaka 80 asasambitsidwe ndi mwamuna, kapena kuvulidwa pamaso pa ena chifukwa chosowa chinsalu. Aitanidwe ndi mfunda wake, a Naphiri kapena a Nabanda, monga amaitanidwira kwawo. Msilamu athandizidwe kupanga wudhu, kapena tayammum pamene madzi angamupweteke, asonyezedwe Qibla, ndipo aloledwe kuswali atakhala kapena atagona. Mkhristu aloledwe kulandira abusa kapena ansembe ake. Surah Al-Baqarah, ndime 256, imaletsa kukakamiza pa chipembedzo, ndipo mbale ya nsima ikasanduka mtengo wogulira chikhulupiriro cha munthu wanjala, kumeneko ndi kukakamiza ndithu. Chitsanzo chabwino chili ku Istanbul, komwe nyumba ya Darülaceze, yomwe idakhazikitsidwa mu 1895 pa ulamuliro wa Sultan Abdul Hamid II, ili ndi mzikiti, tchalitchi ndi sunagoge m'bwalo limodzi, ndipo ikugwirabe ntchito mpaka lero. Imfa ikabwera, abale adziwitsidwe msanga, ndipo Msilamu alandire janaza yake monga mwa malamulo.

Zithunzi nazo zifunika kuziganizira. Masiku ano thandizo lambiri limabwera kudzera pa Facebook ndi TikTok, ndipo n'zoona kuti anthu amapereka akaona. Koma Surah Al-Baqarah, ndime 264, imachenjeza kuti sadaka imaonongeka ikatsatiridwa ndi kukumba komanso kupweteka wolandira. Agogo afunsidwe kaye asanajambulidwe, akakana zikhale choncho, ndipo chakudya chawo chisachepe chifukwa chokana. Wodwala wosazindikira, wovula kapena wolira asajambulidwe konse.

Chimodzimodzi ndi chuma chawo. Okalamba ena amalandira ndalama za Mtukula Pakhomo, ndondomeko yomwe idayambira ku Mchinji mu 2006, ena ali ndi penshoni, ndipo ambiri ali ndi munda. Ndalamazi ndi zawo, ndipo zikasungidwa ndi oyang'anira nyumba zilembedwe poyera pamaso pa mboni. Pasapezeke wodinda chala pa pepala lopereka munda posinthanitsa ndi bedi. M'madera omwe malo akukwera mtengo chifukwa choyandikana ndi mzinda, chiyeso chimenechi ndi chachikulu kwa abale ndi kwa alendo omwe.

Ndani aziyendera?

Mgwirizano wa mayiko a mu Africa wokhudza ufulu wa okalamba, womwe udavomerezedwa ku Addis Ababa mu 2016 ndipo dziko lathu lidaulandira, umati kukhala m'nyumba zotere kuzikhala kofuna mwini, kotsika mtengo, ndiponso kotsata miyezo yoikika. Lamulo lathu la 2024 likuyenda m'njira yomweyo. Koma lamulo lilibe miyendo. Boma la Lilongwe, osawerengera mzinda, linali ndi anthu oposa 1.6 miliyoni pa kalembera wa 2018, ndipo ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ili ndi ntchito za ana amasiye, olumala ndi Mtukula Pakhomo pa mapewa ake. Tikupempha boma kuti lifalitse m'Chichewa miyezo yomwe nyumba iliyonse iyenera kukwaniritsa, lipereke mafuta kwa oyendera, ndipo lilengeze mayina a nyumba zolembetsedwa. Komabe sitingakhale manja lende kudikira.

Mbiri yathu ili ndi yankho. M'mizinda ya Chisilamu mudali udindo wa hisba, ndipo wouyendetsa, muhtasib, ankayendera misika kuona masikelo, ophika buledi ndi ogulitsa mankhwala. Khalifa Umar mwini ankazungulira Madina usiku kuti adzionere yekha momwe anthu akukhalira. Ngakhale lero lino sitikhulupirira mawu okha a wogulitsa nyama. Timatumiza oyendera a halaal kukaona momwe nkhuku ndi ng'ombe zikuzingidwira tisanapereke chiphaso. Ngati timatero ndi nkhuku, tingalephere bwanji kuyendera momwe agogo akusambitsidwira ndi kudyetsedwa? Mtumiki adalangiza mwini ngamira kuti aimange kaye kenako adalire Allah. Kuyendera ndiko kumanga ngamira, ndipo sikusonyeza kukayikira munthu.

Nyumba iliyonse ikhale ndi komiti yoyendera yosadalira mwini nyumba: woimira mzikiti, woimira mpingo, nthumwi ya mfumu, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, ndi amayi osachepera awiri. Azifika osanena tsiku, pena m'mamawa, pena usiku, ndipo aziyankhula ndi okalamba ogwira ntchito atatuluka. Aziona kaundula wa mankhwala, wa omwe agwa, ndi wa omwe amwalira pamodzi ndi chomwe chidawapha. Abale aziloledwa kulowa tsiku lililonse. Pakapezeka nkhanza, nkhani isathere pa kupepesana kuseri. Ipite kupolisi, ku nthambi yothandiza ochitidwa nkhanza, ndi ku bungwe la boma loona za ufulu wa anthu. Mabungwe athu aakulu, Muslim Association of Malawi ndi Qadria Muslim Association of Malawi, pamodzi ndi onse osonkhanitsa Zakaat, angathandize kwambiri atagwirizana kuti thandizo lawo lizipita ku nyumba zokhazo zolembetsedwa ndi boma, zolengeza momwe zagwiritsira ntchito ndalama, ndi zolola kuyenderedwa. Mwini nyumba woona mtima adzakondwera ndi dongosolo limeneli, chifukwa limamuteteza iyenso ku miseche.

Ndalama za miyezi khumi ndi iwiri

Nyumba zambiri zachifundo zimagwa chifukwa cha ndalama za tsiku ndi tsiku. Kumanga kumakopa opereka, pakuti khoma limaoneka ndipo limalembedwa dzina. Malipiro a mayi wochapa zofunda za wodwala usiku saoneka. Kupereka kwathu kumachuluka mu Ramadhan ndi pa Eid ya nsembe, pamene ufa ndi nyama zimasefukira, koma njala ya kuno imaluma mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitatha, chimanga chitakwera mtengo. Wokalamba amadya, amadwala ndi kufuna sopo miyezi yonse 12.

Surah At-Tawbah, ndime 60, idatchula magulu 8 oyenera kulandira Zakaat, ndipo ophunzira ambiri amati Zakaat iyenera kufika m'manja mwa wosaukayo, osati kumangira nyumba kapena kulipirira antchito. Choncho zomangira ndi malipiro zifunika gwero lina, ndipo Chisilamu chili nalo: waqf, chuma choimikidwa kuti phindu lake lizithandiza mpaka kalekale. Uthman ibn Affan adagula chitsime cha Rumah ku Madina n'kuchipereka kwa anthu onse, ndipo Umar adaimika munda wake wa ku Khaybar m'njira yomweyo. Kwathu kuno waqf ingakhale dimba lothirira, chigayo, nyumba za lendi kapena mashopu pa msika wa Mitundu kapena wa Nathenje, zolembetsedwa m'dzina la gulu, osati la munthu mmodzi. Wofuna kutsegula nyumba ayambe wasonyeza komwe chakudya ndi malipiro a chaka chathunthu zidzachokere, ndipo asalandire anthu oposa omwe angawasamale. Walira mvula walira matope. Kusunga bwino anthu 6 kuli ndi malipiro oposa kuunjika anthu 40 m'zipinda zomwe muli wosamala mmodzi.

Poyambira pathu

Mzikiti uliwonse ku Mitundu ndi Nathenje ungayambe sabata ino popanda njerwa ngakhale imodzi. Komiti ikhale pansi ndi mafumu n'kulemba okalamba onse okhala okha m'midzi yozungulira, Asilamu ndi omwe si Asilamu. Achinyamata agawane nyumbazo: kufolera denga mvula isanagwe, kutunga madzi, kukonza chimbudzi, kuperekeza agogo kukalandira mankhwala pa tsiku lawo. Amayi a dawa aphunzire kwa anamwino katembenuzidwe ka wodwala ndi kasamalidwe ka zilonda. Masheikh athu anene momveka pa khutba kuti kuneneza munthu ufiti popanda umboni ndi tchimo lalikulu, kuti kulanga munthu ndi manja a gulu ndi kupha, ndiponso kuti kuiwalaiwala ndi matenda. Pa 15 Juni, tsiku lokumbutsa dziko lonse za nkhanza kwa okalamba, ndi pa 1 Okutobala, tsiku la anthu achikulire, mizikiti ndi mipingo ingayendere limodzi nyumba zomwe zilipo kale, itanyamula mphatso pamodzi ndi mafunso.

Ntchito imeneyi ikachitika bwino, okalamba ofunikadi bedi la m'nyumba yosungiramo adzakhala ochepa, ndipo ochepawo tidzatha kuwasamala moyenera, pamalo pomwe chipata chake n'chotseguka kwa abale, kwa mafumu ndi kwa boma. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo dambo likauma mudzi wonse umapsa. Tikupempha Allah kuti achitire chifundo makolo athu, amoyo ndi omwe adatsogola, atipatse mphamvu zosunga amana yomwe watisungitsa, ndipo tikadzafooka ifenso atiike m'manja mwa anthu omuopa. Ameen.